Usiku Wosonkhanitsa Zidutswa

Loweruka, naini koloko usiku.
Ofesi ya alimi a thonje yatsekedwa,
ndatsala ine ndi seva
m'kachipinda kopanda zenera,
fani yake ikupuma wefuwefu
ngati munthu wokwera Kanjala masana a Okutobala.

A Njobvu anandiitana Lachisanu:
"Khuzwayo, makina aja akukwawa.
Mlimi wa ku Chadiza amayasamula kawiri
dzina lake lisanatuluke pagalasi.
Sonkhanitsa zidutswa za m'disiki, akuti zimathandiza."
Zelipa wa maakaunti sanadzutse ndi mutu womwe:
"Kusesa pabwalo sikupoletsa malungo a mwininyumba."

Ndatsegula mapu a disiki.
Timabokosi tofiira mbwee,
ngati nsawa zotayika pansi pa sikelo.
Fayilo ya Dailesi Miti, makilo mazana anayi,
ili m'zidutswa makumi atatu ndi ziwiri:
dzina pano, ngongole ya mbewu uko,
nambala ya foni kumathero kwenikweni,
ndipo kasingano ka m'katimo
kamapalasa uku ndi uku
ngati wa njinga wotumidwa ku Mchini, ku Navutika, ku Kapata
kukatola katundu wa munthu mmodzi.

Ndadina.
Timabokosi tayamba kusamuka.

Leveni koloko magetsi thii.
Batire ikulira, ine ndi tochi kukamwa
ndikukoka chingwe cha jenereta,
kachitatu, kachinayi, yadzuka.
Ndabwerera manja akununkha petulo.
Tidakali pa khumi ndi zinayi mwa zana.

Kudikira kumabala zoganiza.
Mkazi wanga amaphunzitsa ku Lundazi.
Mwana wamkulu ali kwa azakhali ake ku Katete,
wamng'ono amandidziwa ndi mawu a pafoni.
Jekete yanga ya ukwati inatsala ku Mwami,
sindikumbuka kwa yani.
Kumapeto kwa mwezi ndine kasingano kaja,
basi iyi, basi iyo,
kuti ndiwerenge banja langa lonse kamodzi.

Ndawodzera pampando.
Ndadzidzimuka ndi mabelu a Misa yoyamba.
Galasi lonse labiriwira,
Dailesi Miti wagona pamodzi, mutu mpaka kumapazi.

Ndatenga wotchi ya pafoni.
Dzana dzina lake linkatuluka pa masekondi makumi anayi ndi limodzi.
Lero: makumi atatu ndi asanu ndi limodzi.
Ndayesanso. Chimodzimodzi.
Masekondi asanu,
malipiro a usiku wathunthu ndi malita awiri a petulo.

Sindinganene kuti ndi bodza.
Sindinganenenso kuti ndi mankhwala.

Pogwada kuti ndizimitse soketi
ndaona kuseri kwa kabati
waya wabuluu wopita ku kauntala,
khoswe anaudya mpaka mkuwa kuonekera,
manyi ake ali pomwepo ngati siginecha.
Ndalumikiza wina wa m'dirowa.
Dailesi Miti: masekondi anayi.

Ndakhala pansi pasimenti
ndikuseka ndekha mpaka mlonda kugogoda.

Akuti chaka chamawa adzagula madisiki opanda singano,
amene sasamala kuti chidutswa chili kuti,
kutali ndi pafupi kwa iwo n'chimodzi.
Ndimawachitira nsanje.

Lolemba a Njobvu adzandigwira paphewa:
"Waona? Ndinanena ine."
Ndidzawauza za khoswe tiyi atatha, mwina.
Zelipa adzaona waya wodyedwa m'bini
nadzapitiriza kuwerengera osanena kanthu,
ndipo kusanenako kudzamveka ofesi yonse.

Koma lero ndi Lamulungu.
Ndakhoma chitseko, seva ikung'ung'udza bwino.
M'thumba muli ya basi ya ku Katete yokha,
ya ku Lundazi idikira malipiro.
Wa njinga waima pamsewu, akundifunsa kuti tilowera kuti.
Ndamuuza kumodzi.